Mafuta Amene Anagona ku Petauke

Anzanga, makina athu adzalilanso mailo m'mawa! Loko imene anakhoma pachitseko cha kalabu ya azimai kuno ku Kaumbwe aichotsa lelo, msuweni wathu aHappiness abwezeledwa makiyi, ndipo asisi anga aRabecca akhululukidwa, ngakhale kuti kunatsala pang'ono, eee, pang'ono penipeni. Aphunzitsi a Sande sukulu ati ndilembe zonse osabisa, asisinso avomela, ati ena atengelepo phunzilo.

Kwathu ndi nyumba ya pemphelo. Atate ndi mkulu wa mpingo ndipo amalima mpendadzuwa. Kale tinali kugulitsa kwa amalonda a masikelo, ndipo atate anali kudandaula chaka chilichonse.

"Boma likatseka malile, mtengo umakwela, tonse timathamangila kulima," amatelo atate. "Tikangokolola, atsegula. Saladi wa kanjedza, mafuta ophikila aja ochokela kunja, adzaza mashopu, mpendadzuwa wako usanduka mankhusu."

Ndiye azimai a kalabu, amai athu alimo, anapeza makina oyengela mafuta. Sukulu ina yogonela komweko ku Petauke inalonjeza kuti izigula, bola mafutawo akhale a mpendadzuwa weniweni, osasakaniza ndi chilichonse. Mudzi wonse unapuma.

Vuto linabwela tsiku losankha woyang'anila makina. Asisi ndi aHappiness anamaliza giledi twelofu pamodzi, koma azimai anasankha aHappiness. Anawaveka epuloni yoyela, makiyi m'khosi. Asisi anapatsidwa nchito yokagulitsa mabotolo pamseu ku Nyimba pa Chiwelu.

"Masamu ndinapasa ndine, iye anafeluka," asisi anatelo atafika kunyumba, akuponya nsapato. "Lelo iye ndi bwana, ine bulu wonyamula katundu."

"Rabecca mwananga," amai anayankha, "nsanje ndi chiswe. Imayamba kudya nyumba imene ikukhalamo."

"Amai, inunso munakweza dzanja pa iye. Ndinakuonani."

Zotsatilazi anandiuza okha asisi. Ku Nyimba kuli bambo wina, aWhiteson, amene amagula mpendadzuwa pa sikelo komanso kugulitsa saladi wa kanjedza m'zigubu. Anawapeza asisi atakwinya nkhope pakati pa azimai a nthochi.

"Mtsikana wanzelu ngati iwe ukupsa ndi dzuwa pano, mnzako ali pamthunzi kuliza makiyi?" anatelo. "Tenga chigubu ichi. Theka lako, theka la kanjedza. Mabotolo achuluka, ugulitsa motchipa, azimai aona okha kuti wodziwa malonda ndani."

"Nanga akazindikila?"

"Azindikile chiyani? Onse ndi mafuta. Unaonapo munthu akufunsa botolo kuti kwanu ndi kuti?"

Asisi anatenga. Ku Nyimba kumatentha, mafuta anakhala amadzimadzi bwinobwino, ndipo anali kutha dzuwa lisanapendeke. Azimai anaomba m'manja. AHappiness nawo anawakumbatila nati, "Msuweni, uli ndi dzanja la malonda!" Koma makiyi anakhalabe m'khosi momwemo, ndipo asisi sanakhute.

Tsiku lina akuthandiza kulongedza, anachotsa mabotolo abwino mu kileti yopita kusukulu kuti akawasakanize, naikamo osakaniza kale. Akuti mumtima anati, "Zikadziwika, ayankhe ndi wa makiyi."

Kenaka inafika mphepo ya June, ija yotithyola zala popita kusukulu. M'mawa wina tinangoona Amai Sibeso, oyang'anila khichini ya sukulu ija, akutsika pa njinga yamoto, botolo lili m'manja. Anaitana azimai onse a kalabu, nalizondotsa. Mafuta osatsika! Anali atagona, oyela mbee ngati odzola.

"Azimai anzanga, ndaphika zaka zambili," anatelo Amai Sibeso. "Mpendadzuwa sugona ndi mphepo. Wogona ndi kanjedza. Ngati ndi kanjedza, ndikhoza kugula ndekha ku shopu motchipa. Musabweletsenso."

Maso onse anagwela pa aHappiness. Anawavula makiyi pamaso pa anthu, iwo akulila kuti, "Mulungu ndi mboni, sindinachite!" Chitseko anachikhoma. Asisi anali pomwepo, ndipo avomela okha kuti tsiku limenelo mtima wao unakondwa. Imvani mmene nsanje imaipila!

Koma chisangalalo chao sichinathe sabata ziwili. Makina atatsekedwa, matumba a mpendadzuwa anangoti mbwee m'nyumba zonse, opanda koyengela. Ndipo taonani amene anafika ndi sikelo, naipachika pamtengo pafupi ndi chigayo: aWhiteson! Atate anamanga ng'ombe, tinakweza matumba pa ngolo, ine ndi asisi tikutsatila pambuyo.

AWhiteson atatchula mtengo, atate anavula chipewa.

"Bambo Whiteson, umenewo ndi mtengo wa mbeu kapena wa mankhusu?"

"Akulu a mpingo, ngati wachepa kayengeni nokha. Si muli ndi makina?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anatsinzinila asisi diso.

Pamenepo asisi anazindikila. Chigubu chija sichinali chowathandiza iwo. Munthuyo anali kufuna mpendadzuwa wa Kaumbwe yense, ndipo amene anamutsegulila khomo ndi iwo. Atate anali atagwila kale thumba loyamba, msana utapindika. Asisi anathamanga, naligwila mbali inayo.

"Atate, musatsitse. Ndine. Kanjedza anandipatsa ndi bambo awa, ndinasakaniza ndine. Happiness sanadziwe kanthu."

Atate sanakalipe. Anabweza thumba pa ngolo nati, "Usauze ine. Amene unamuvula ulemu ali kwa azakhali ako." Anthu ena amene anali pamzele anatembenuzanso ngolo zao.

Asisi anakagwada pakhomo pa aHappiness, koma iwo sanatuluke. Tsiku lachiwili, sanatuluke. Lachitatu ndiye anatsegula.

"Makiyi ndiwo unafuna?" anatelo. "Ukanandipempha! Amandidzutsa tambala asanalile, ndipo ndimanunkha mafuta mpaka ku tchalitchi. Nyamuka, ukundichititsa manyazi. Koma ku Petauke upita wekha kutsogolo, ukalankhule ndi pakamwa pako."

Anapitadi. Amai Sibeso anamvetsela osamwetulila, nati azimai atsegule kalabu kamphindi, ayenge botolo limodzi lokha, aliike mu filiji ya sukulu mpaka kuche, ndipo kuyambila tsopano katundu aliyense aziyesedwa chomwecho. Lelo m'mawa foni ya amai inalila: mafuta ali ngwee, osagona! Amai anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika.

Asisi sadzagulitsanso chaka chino. Nchito yao ndi kutsuka mabotolo, ndipo anthu ena sanayambe kuwapatsa moni. Asisiwo akuti chilangocho nchochepa, pakuti akanatha kugwetsa mudzi wonse.

Anzanga, ndikuchenjezeni poyela: nsanje ndi tchimo, ndipo pambuyo pake pamakhala munthu woyembekeza ndi sikelo. Ukati ukugwetsa mnzako, wogwa ndi atate ako. Chimene wasakaniza mobisa ku Nyimba, mphepo idzachiulula ku Petauke.

Tsopano ndathamanga, amai akundiitana kukapeta mpendadzuwa. Mailo tikaweluka musapite kwanu, bwelani ku kalabu mudzamve makina akulila, mudzaone aHappiness ndi makiyi ao, asisi ali pambali ndi beseni. Bwelani nonse, ndi botolo lanu lotsuka!