Batani la Tsiku la Sabata

Loweruka nthawi ya 10:14 m'mawa, makamera a kusitolo ya esiteti ya tiyi ya Mwalawoyera anazima. Pamene ankayakanso 10:36, matumba makumi awiri a feteleza anali atachoka osatsanzika.

Lolemba, Sajeni Dixon Mulipa analowa mu ofesi ya Tikondane Namakhwa, woyang'anira makompyuta.

"Makamera amayendera netiweki. Pasiwedi yake ali nayo ndani?"

"Ine ndekha, bwana."

"Nyamulani chikwama, mayi. Tikachezere kupolisi."

"Ndinali kutchalitchi. Ndine wa Sabata."

"Onse amene ndimawagwira amati anali kutchalitchi."

Tikondane anayang'ana unyolo umene unali m'chiuno mwa sajeni, nakoka mpando.

"Khalani kaye pansi. Ndikalephera, mundimange nokha."

Anafotokoza mwachangu. Kamvula ka chiperoni kakagwa, netiweki imafa, ndipo makalaliki ankamuimbira foni ali pakati pa kwaya. Atatopa, anawakonzera batani pa makompyuta awo: ukadina, netiweki imazima n'kuyakanso, osafunsa pasiwedi. Ankangofuna kusunga Sabata mwamtendere.

"Ndiye aliyense akanatha," anatero sajeni.

"Anthu atatu okha, aliyense pa dzina lake."

Anatsegula tsamba limene kompyuta imalembamo zonse zochitika. Loweruka, batani linadinidwa kanayi motsatizana, kuti makamera asapeze mpata wodzuka. Mizere inayi, dzina limodzi: Kingsley, kalaliki wa kusitolo.

Anamupeza akudya chinangwa pakhonde la sitolo.

"Ee, ndinadina ndine," anavomera osaphethira. "Netiweki imavuta. Chiperoni, bwana. Mukuchidziwa cha kuno."

"Loweruka lapitali?"

"Lomwelo."

Sajeni anavula chipewa, nayang'ana kumwamba.

"Loweruka akazi anga anayanika makaka a chinangwa pabwalo kuyambira m'mawa. Anauma gwa. Chiperoni chanucho chinangogwera pa kompyuta yanu yokha?"

Kingsley anaika chinangwa chake pansi.

Dzuwa lisanapendeke, apolisi anapeza matumba khumi ndi asanu ndi awiri kuseri kwa golosale ya alamu ake a Kingsley ku Khonjeni, atafunditsidwa masamba a nthochi. Atatu anali atagulitsidwa kale pa kabaza.

Akumukweza m'galimoto pakhomo pa ofesi, manja ali kumbuyo, Kingsley anatembenukira Tikondane.

"Achemwali, paja munati batanilo silifunsa kanthu!"

"Silifunsa, achimwene," anayankha Tikondane, akubwezera chikwama chake pampando. "Limangokumbukira."