Wofufuza Amene Sanacheuke

"Ndiye Pensulo uja ndinu?"

Mtsikanayo anadzidzimuka mpaka pensulo inamupulumuka n'kugubudukira pansi pa tebulo. Kumbuyo kwake kunaima mnyamata wamtali, wa zala zokhala ndi timabala ta kupsa, cholembera chofiira chili pakhutu.

Apa panali pa laibulale, pafupi ndi khomo, pomwe pankakhala kope lalikulu lomangirira ndi chingwe ku mwendo wa tebulo. Aliyense wobweza buku ankalembamo maganizo ake, n'kusayina ndi dzina longopeka. Lamulo linali limodzi, ndipo mayi woyang'anira laibulale analilemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu: "Yamikira kapena dzudzula, koma usaulule mathero."

Buku lomwe linatenthetsa kopelo linali la nkhani ya m'chaka cha 2190. Mzinda wofoleredwa ndi galasi, galimoto zouluka, anthu osunga zokumbukira zawo m'kachipangizo kuseri kwa khutu. Dokotala wina aphedwa, ndipo wofufuza milandu, pofunafuna wakupha, agwa m'chikondi ndi mtsikana woyendetsa sitima ya m'mlengalenga. Mabukuwo analipo awiri: lina lachikuto chake chokongola, lomwe silinkapezeka chifukwa cholimbirana, ndi lina lomatidwa ndi katoni, lomwe mtsikanayu anabwereka katatu.

Owerenga anagawanika pakati. Ena ankalemba kuti analira, ena kuti anaseka ndi chimwemwe. Wometa tsitsi wina anangodandaula kuti m'buku lonselo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakametetsa. "Kodi mu 2190 ife tidzadya chiyani?"

Mtsikanayu, yemwe ankasayina kuti Pensulo, analemba kuti, "Wofufuzayu pa milandu ndi katswiri, koma pa chikondi ndi mbuli." Pansi pake wina wosayina kuti Inki anayankha ndi inki yofiira: "Mwamulakwira. Ndikanakhala mkazi ndikanakwatiwa naye." Anayankhana choncho milungu isanu osaonana.

"Inu ndinu Inki?" anafunsa mtsikanayo motsitsa mawu, maso ali pa nsapato zake.

"Ndine. Ndimaganiza kuti ndikukangana ndi agogo ovala magalasi."

"Inenso ndimaganiza kuti ndinu aphunzitsi ochonga mayeso."

Mnyamatayo anaseka, anagwada n'kumutolera pensulo ija. "Ndimakonza mafoni kutsidya kwa msewuwu. Tandiuzeni, wofufuza wanga anakulakwirani chiyani?"

"Mathero aja..."

Mayi wa laibulale anatsokomola, n'kuloza chikuto cha kope ndi rula. Onse awiri anatuluka akubisa kuseka.

Pensulo anali atamaliza sukulu chaka chathacho, ndipo ankathandiza azakhali ake pa shopu yosoka zovala. Ntchito yake inali kusokerera mabatani ndi kupinda m'mphepete mwa masiketi. Anali wamanyazi moti kasitomala akamufunsa mtengo, ankayang'ana kwa azakhali kuti ayankhe. Munthu wotere zimene pakamwa palephera amazinena ndi zala, ndipo foni yake inayamba kulira kawirikawiri.

"Pensulo, wadya? Ngakhale mu 2190 anthu amadya."

"Gwira ntchito, Inki. Uwotcha foni ya eni ake."

"Yapsa kale. Ndimaganiza za iwe, duwa langa."

"Duwa limafota."

Panapita mphindi khumi. "Chabwino. Batani langa, losokedwa pamtima ndi ulusi wopinda kanayi."

Anauwerenga uthengawo kasanu ndi kawiri. Kodi munthu angamwetulire mpaka masaya kuwawa? Angathe.

"Iwe mwana," anatero azakhali atanyamula malaya m'mwamba, "awa ndi malaya a mwamuna. Mabatani wawasokera mbali ya akazi. Ukufuna bambo wa eni ake akaseketse ku ofesi?"

"Pepani azakhali."

"Pepani wa chiyani? Ndiuze dzina. Foni ikangoti kwii, mano onse panja. Ndani ameneyu?"

"Ndi mnzanga wowerenga naye mabuku."

"Ehe. Amalume ako nawonso anayamba ndi kundibwereka nyuzipepala. Masula mabataniwo."

Loweruka lililonse masana ankakhala pa benchi kunja kwa laibulale. Ankakangana za loboti ya m'khitchini mwa dokotala, ngati inanama kapena inangosokonezeka mawaya. Inki ankati mafoni a m'bukumo sangagwire ntchito popanda batire, ndipo wolembayo akanayamba wafunsa amisiri. Pensulo ankati diresi ya mtsikana wa sitima, momwe anaifotokozera, palibe telala angaisoke. Zonsezi zinali nthabwala. Koma akangofika kumapeto kwa buku, mtambo unkabwera.

Buku lomwe Pensulo anawerenga linkathera pa siteshoni. Wofufuza akwera chombo chopita kumwezi, atanena kuti ndi ntchito ya masiku ochepa, ndipo mtsikana wa sitima amuitana katatu. Mzere womaliza, m'munsi mwenimweni mwa tsamba, unkati: "Ndipo sanacheuke."

"Anachita nkhanza," anatero Pensulo tsiku lina.

"Anachita zomwe mwamuna wokonda amachita," anayankha Inki. "Ine mathero aja ndimawakonda kuposa buku lonse. Iwe sudziwa kukhululuka?"

Mawuwo anamubaya Pensulo. Tsiku limenelo anapangana kuti za mathero asamazikambenso, chifukwa zimawononga Loweruka.

Miyezi itatu inapita mokoma. Kenako Lolemba lina, akupinda siketi ya yunifolomu, foni inalira.

"Batani langa, ndasankhidwa kukaphunzira zokonza makompyuta, kutali, miyezi isanu ndi umodzi. Ndinyamuka Lachisanu masana. Pamaso ndikanachita chibwibwi, ndiye ndalemba. Usade nkhawa. Ndikulonjeza kuti ndichita ndendende monga anachitira wofufuza wathu."

Singano inamulasa chala koma sanamve. Monga anachitira wofufuza? Kukwera n'kupita osacheuka? Ndiye tsiku lija ankanena zoona, kuti umo ndi momwe mwamuna wokonda amachitira? Ndipo akulonjeza kumene, ngati kuti ndi mphatso!

Analemba, anafufuta, analembanso. Pomaliza anatumiza mawu atatu okha: "Ndamva. Muyende bwino."

"Muyende? Ndakhala inu liti?" Sanayankhe. "Pensulo, ndalakwa chiyani?" Sanayankhe. Foni inaitana kasanu, iye anaiika m'chitini cha mabatani n'kutseka.

Lachitatu Inki anabwera yekha ku shopu. Pensulo atamuona pawindo anathawira kuseri kwa nsalu zopachikidwa.

"Zikomo mayi. Kodi mwana wanu alipo?"

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tepi ili m'khosi. "Akuti kulibe. Mapazi amene mukuwaona pansi pa nsaluyo ndi a munthu wina."

Mnyamatayo anaima kanthawi akuyang'ana mapaziwo. "Mukamuona, mumuuze kuti lonjezo langa silisintha."

Atatuluka, Pensulo analira mpaka nsalu ya kasitomala inanyowa. Azakhali sanamukalipire. Anangomupatsa kansalu kotsala kuti apukutire mphuno, n'kunena kuti, "Ine mabuku sindiwadziwa. Koma munthu wothawa sabwera kudzalonjera mapazi."

Lachisanu m'mawa anapempha kuti atuluke pang'ono. Anapita ku laibulale, anatsegula kope lija, ndipo analemba mokanikiza mpaka nsonga ya pensulo inathyoka kawiri.

"Musawerenge bukuli ngati muli ndi mtima. Wofufuza amamusiya mtsikana pa siteshoni, amakwera chombo osacheuka, ndipo buku limathera pomwepo. Anyamata ena amaphunzirapo khalidwe."

"Mwana iwe, tabwera kuno."

Mayi wa laibulale anali ataima kumbuyo kwake, rula ili m'manja. Anakoka kope, anakweza magalasi, anawerenga. Pensulo anadikira kukalipiridwa chifukwa chophwanya lamulo. Koma mayiwo anawerenganso kachiwiri, nkhope ikusintha.

"Mathero ake si amenewa."

"Ndi omwewo mayi. Ndawerenga katatu."

"Unkabwereka liti, lachikuto kapena la katoni?"

"La katoni."

Mayiwo anapita pa shelefu n'kubwera ndi la katoni. Anatsegula kumapeto: tsamba 288. Anayang'ana m'kaundula wa mabuku, chala chikutsika pang'onopang'ono, n'kuima pa 304. Anakhala pansi.

Pansi pa kauntala panali bokosi lomwe ankalitcha la masamba amasiye. Tsamba lililonse lothothoka, losadziwika kwawo, ankaliponya mmenemo podikira tsiku lomwe adzapeze nthawi. Anafufuza pakati pa mapu ong'ambika ndi masamba a masamu, mpaka anatulutsa kamtolo ka masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, kosokedwabe ndi ulusi wake. Pamwamba panalembedwa: Mutu 24.

"Ndinalimata ndekha bukuli, chikuto chitachoka," anatero mayiwo atagwira pakamwa. "Ndinaona tsamba latha bwinobwino ndi mpumiro, ndinati basi. Ndiye chifukwa chake theka la kope likulira, theka likuseka! Zaka ziwiri ine ndikumati anthu amasiyana mitima."

Pensulo anawerenga ali chiimire. Wakupha uja, yemwe dzina lake silitchulidwa pano chifukwa lamulo ndi lamulo, anali atalowa m'kachipangizo ka wofufuza, ndipo ankaona chilichonse chomwe wofufuzayo wayang'ana. Akanangocheuka, akanamuonetsa mdani munthu amene amamukonda. Anapirira, anakagwira wakuphayo kumwezi, ndipo anabwerera pa siteshoni yomweyo atanyamula mphete, n'kugwada pamaso pa anthu onse.

Pensulo anaika masambawo pa kauntala.

"Mayi, nthawi ili bwanji?"

"Yangokwana kumene thwelofu. Ukulira chiyani tsopano, si zatha bwino?"

Pensulo anathamanga ngati mwana wochedwa mayeso, kudutsa pa shopu ya azakhali, omwe anangotulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Usagwe, ulibe siketi ina yabwino!"

Pa depoti basi inali ikadalipo. Inkadikira kudzaza, injini ikulira mongonamiza anthu. Anazungulira mawindo onse mpaka anamuona, mutu atautsamiritsa pagalasi. Anagogoda ndi chala. Inki anatsegula windo, maso ali ofiira ngati cholembera chake.

"Mwabwera kudzanditsanzika, mayi?"

"Usanditchule mayi." Anapuma movutikira. "Buku langa linalibe mutu womaliza. Linathera pa siteshoni. Ndimaganiza kuti... ndimaganiza kuti ukundiuza kuti sudzabweranso."

Inki anangoti kukamwa yasa. "Nthawi yonseyi? Mphete ija sunaione?"

"Ndaiona lero, pa kauntala."

"Ndiye ine ndinakulonjeza ukwati, iwe n'kumva kuti ndikukusiya?"

"Unalonjeza ndi mawu a m'buku. Nena ndi ako."

Mayi wonenepa yemwe anakhala pambali pa Inki anamugunda ndi chigongono. "Tsikani achimwene, zimenezi sanenera pawindo. Ife takhala kale maola awiri, tionereko kanthu."

Anatsika. Anaima patsogolo pake, manja osadziwa kokhala, ndipo chibwibwi chomwe ankachiopa chinabweradi.

"Ndi... ndikupita miyezi isanu ndi umodzi. Ndidzabwera. Ndikadzabwera ndidzagogoda kwa azakhali ako, osati kudzafunsa mapazi. Ndimakukonda, batani langa. Ndilibe mphete, ndili ndi sikuludiraiva yokha."

Pensulo, amene sankatha kutchula ngakhale mtengo wa siketi pamaso pa mlendo, anakweza mutu. Basi yonse inali pamawindo.

"Inenso ndimakukonda. Ndidikira."

Anthu anaomba m'manja. Iye anabisa nkhope pachifuwa cha mnyamatayo, makutu akutentha, koma sanathawe.

Ali chikumbatirane, bambo wina wa sutikesi anakwera n'kukhala pampando wa Inki. Kondakitala anawerenga mitu, anamenya chitseko. "Yadzaza! Achikondi, mukwere yotsatira." Anaponya chikwama cha Inki pansi, ndipo basi inatuluka, mayi wonenepa uja akubayibitsa ndi mpango.

Yotsatirayo inali itangofika, yopanda munthu ndi mmodzi yemwe.

"Imeneyi idzaza nthawi yanji?" anafunsa Inki.

"Mukakhala ndi mwayi, maola atatu," anatero dalaivala akufunyulula nyuzipepala.

Anakhala pa chikwama chija, mapewa atagundana. Pensulo anatulutsa foni n'kulembera azakhali kuti achedwa. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Ndadziwa kale. Umufunse saizi ya kolala."

Ndipo munthu aliyense wa katundu akamayandikira basiyo, Pensulo ankafinya dzanja la Inki, n'kupemphera chamumtima kuti akhale wopita kwina.