Zelipa ndi Buluu wa M'masamba

Zelipa ankakhala ku Kitwe, m'komboni ya mgodi. Ankakonda kuimba. Ankaimba potunga madzi. Ankaimba posesa pakhomo. Koma anali ndi diresi limodzi lokha. Linali loyera. Amayi analisoka ndi thumba la fulawa. Kumsana kunkaonekabe zilembo za thumbalo.

Lolemba, aphunzitsi anaima kutsogolo kwa kalasi.

"Nkhondo inatha," anatero. "Asilikali abwerako. Loweruka tikawaimbira kubwalo la mpira. Atsikana onse avale madiresi a buluu. Wopanda buluu sadzaima pamzere."

Zelipa anayang'ana diresi lake. Linali loyera mbee.

Kumbuyo kwake kunakhala Esme, mwana wa kalaliki wa pamgodi. Esme anali nalo diresi la buluu la m'sitolo.

"Iwe Zelipa, khala bwino ndiwerenge msana wako," anatero Esme.

Ana anaseka. Zelipa sanaseke.

Atafika kunyumba anafunsa, "Amayi, buluu amachokera kuti?"

"Amachokera kusitolo, mwanawe," Amayi anayankha. "Ndipo mwezi uno kusitolo sitipondako."

Pakhonde panakhala Amalume a Fanuel. Iwo anali atangobwera kumene kunkhondo. Mwendo wawo umodzi unali wouma. Sankaseka. Sankakhulupirira munthu aliyense.

"Amalume, mubwera kudzamva nyimbo yathu?" Zelipa anafunsa.

"Nyimbo?" Amalume anatero. "Anatiuza kuti tikabwerako tidzapeza zabwino. Tabwerako. Tapeza nyimbo. Ine sindipitako."

Zelipa anapita kwa Amayi a Ruby, a nyumba yoyandikana nayo. Iwo ankachapa zovala za Azungu. Anali ndi kabuluu kochapira, kokulunga m'kansanza.

"Tenga, mwanangu," anatero. "Koma usamalize."

Zelipa anasungunula kabuluu m'beseni. Madzi anasanduka buluu. Anaviika diresi. Analifinya. Analiyanika pawaya.

Diresi linauma. Linayera kuposa kale. Zilembo za kumsana zinaoneka bwino kwambiri.

Amayi a Ruby anagwira pakamwa. "Ndimayesa ukufuna kuchapa. Buluu ameneyu ndi woyeretsa malaya, mwanangu."

"Buluu wabodza," anatero Amalume pakhonde paja.

Lachiwiri Zelipa anafunsa, "Atate, buluu amachokera kuti?"

"Amachokera pansi pa nthaka," Atate anayankha.

Anatsegula bokosi lawo. Anatulutsa kamwala. Kanali ka buluu weniweni. Anakatola kalekale akugwira ntchito pamgodi ku Ndola.

"Tenga," anatero. "Mwala sindidya."

Zelipa anapera kamwalako. Anapera, anapera, mpaka mikono inawawa. Anathira madzi. Anapaka diresi. Analiyanika pawaya.

Diresi linauma. Zelipa analikutumula. Buluu yense anagwa pansi ngati fumbi.

"Buluu wa pamgodi," anatero Amalume. "Amakomera maso. Sakhala ndi munthu."

Zelipa anakhala pansi. Anayang'ana kumwamba. Kumwamba kunali buluu wambirimbiri. Koma kunalibe makwerero okafikako. Tsiku limenelo Zelipa sanaimbe. Sanaimbe potunga madzi. Sanaimbe posesa.

Lachitatu m'mawa Amalume anamuitana.

"Iwe, pakhomo pano pazizira. Nyimbo zapita kuti?"

"Ndilibe buluu, Amalume."

Amalume anaimirira. Kenaka anatenga ndodo yawo.

"Tenga dengu," anatero. "Popita kunkhondo tinadutsa ku Indiya. Kumeneko ndinaona anthu akupanga buluu ndi manja. Palibe anandiphunzitsa. Ndinangoyang'ana. Maso anga okha ndiwo sanandinamizepo."

Anayenda pang'onopang'ono. Anadutsa zimbudzi za m'komboni. Anadutsa mpopi wa madzi. Anafika m'mbali mwa njanji. Amalume analoza kachitsamba ndi ndodo. Kanali ndi masamba ang'onoang'ono. Kanali ndi timaluwa tofiirira.

"Thyola," anatero.

"Koma Amalume, masambawa ndi obiriwira."

"Ndikuona. Thyola."

Zelipa anathyola. Anathyola, anathyola, mpaka dengu linadzaza.

Kunyumba anatsuka chitini cha palafini. Anaikamo masamba. Anathira madzi. Anatsendereza ndi mwala. Anaika chitini padzuwa.

"Tsopano tichite chiyani?" Zelipa anafunsa.

"Tidikire."

Lachinayi chitini chinayamba kununkha. Chinanunkha kwambiri. Ngakhale agalu ankadutsa patali.

Amayi a Ruby anatsina mphuno. "A Fanuel, mukuphika chiyani? Mowa wa achule?"

"Mowa wanu munaulawitsa ndani?" Amalume anayankha. "Pitani mukachape."

Lachisanu linafika. Mawa lake linali tsiku la nyimbo. Zelipa anachotsa masamba m'chitini. Amalume anathiramo madzi a phulusa. Madzi a m'chitini anali achikasu. Sanali a buluu.

Ana a m'komboni anabwera kudzaonera. Esme nayenso anabwera.

"Viika pang'onopang'ono," Amalume anatero. "Usavundule."

Zelipa anaviika diresi lake. Linali diresi lake limodzi lokha lija. Analimiza lonse m'chitini. Anadikira. Kenaka analivuula.

Diresi linali lobiriwira. Linali lobiriwira ngati ndere za m'chithaphwi.

"Taonani," anatero Esme. "Dzulo anali thumba. Lero ndi chule."

Ana anaseka. Misozi inalengeza m'maso mwa Zelipa.

"Amalume, mwandinamiza?"

Nkhope ya Amalume inagwa. "Ine anandinamizapo ambiri," anatero. "Koma ine sindinamiza mwana. Tambasula diresilo. Liwombedwe mphepo."

Zelipa analitambasula. Analikweza m'mwamba ndi manja awiri. Mphepo inaomba.

M'mphepete mwa diresi munayamba kuda. Kubiriwira kunayamba kuthawa. Kunathawa pamapewa. Kunathawa pamimba. Kunathawa kumsana. Ana anasiya kuseka.

"Likusintha," anatero mwana wina motsitsa mawu.

Diresi linasanduka buluu m'manja mwa Zelipa.

"Buluu!" Zelipa anafuula. "Amayi, bwerani mudzaone!"

Amayi anatuluka akuthamanga. Amayi a Ruby anasiya zochapa zawo. Onse anayang'anitsitsa diresilo.

"Viikanso," Amalume anatero.

Zelipa anaviikanso. Linatuluka lobiriwira. Mphepo inaomba. Linasanduka buluu. Anaviika kachitatu. Anaviika kachinayi. Buluu anakhwima. Zilembo za kumsana zinamira.

"Tsopano litsuke ndi madzi oyera," Amalume anatero. "Tione ngati ndi wabodza."

Zelipa analitsuka. Analifinya. Analikutumula. Buluu sanachoke.

Esme anayandikira. Anagwira diresilo ndi chala chimodzi. Kenaka anamasula kariboni koyera m'mutu mwake.

"Zelipa, ungandiviikireko aka?"

Zelipa anamuyang'ana. "Tembenuka kaye ndiwerenge msana wako," anatero.

Esme anaweramitsa mutu. Anatembenuka.

"Palembedwa kuti bweretsa," Zelipa anatero. Anakaviika. Onse awiri anaseka.

Madzulo Zelipa anakhala pafupi ndi Amalume. Manja ake anali a buluu mpaka m'zigongono. Sopo analephera kuwayeretsa.

"Amalume, aphunzitsi amati mawu akuti buluu ndi a Chingerezi. Ndiye kuti buluu ndi wa Azungu?"

"Mawuwo ndi awo," Amalume anayankha. "Koma masamba aja unathyola kuti?"

"M'mbali mwa njanji."

"Anathyola ndani?"

"Ine."

"Anaviika ndani?"

"Ine."

"Ndiye buluuyo ndi wa yani?"

Zelipa anayang'ana manja ake. Anamwetulira.

Loweruka kubwalo la mpira kunadzaza anthu. Atsikana anaima pamzere. Aphunzitsi ankayenda akuyang'ana madiresi. Anafika pa Zelipa. Anaima.

"Nsalu iyi anakugulira kusitolo iti?"

"Sanandigulire, aphunzitsi. Ndapanga ndekha ndi Amalume."

Zelipa anaonetsa manja ake. Aphunzitsi anayang'ana manja. Anayang'ana diresi.

"Pita kutsogolo," anatero. "Uyambitse nyimbo ndiwe."

Zelipa anapita kutsogolo. Anayang'ana pamene panakhala asilikali. Amalume panalibe. Anayang'ana pakati pa anthu. Anaona Amayi. Anaona Atate. Kenaka anaona ndodo. Amalume anali kumbuyo kwenikweni, atatsamira mtengo.

Zelipa anakweza manja ake a buluu. Anayambitsa nyimbo. Mawu ake anamveka mpaka kunjanji. Atsikana onse anavomera. Anthu anaomba m'manja. Amayi analuluta.

Pobwerera kunyumba, Zelipa anagwira dzanja la Amalume. Nalonso linali la buluu.

"Paja munati simubwera, Amalume."

"Sindinabwerere nyimbo zawo," Amalume anatero. "Ndinabwera kudzaona ngati buluu wathu sasuluka padzuwa."

"Nanga wasuluka?"

Amalume anayang'ana diresi kutsogolo. Analiyang'ana kumsana. Analiyang'ana kwa nthawi yaitali, ngati munthu wofuna cholakwa.

"Sanasuluke," anatero.

Ndipo Amalume a Fanuel anaseka. Amayi anaima pamsewu. Atate anatembenuka. Chibwerere kunkhondo, palibe anali atamvapo kuseka kwawo.

Zelipa anayamba kuimba. Anaimba njira yonse mpaka pakhomo. Pambuyo pake, ndodo ya Amalume inkagunda pansi motsatira nyimbo.