Nyale ya Achemwali

Panali kamtsikana kolongolola kwambiri. Kwawo ankakatchula kuti Katsabola. Koma masiku amenewa Katsabola sankalongolola. Akanalongolola ndi ndani? Achemwali ake anali atapita kusukulu yogonera komweko, kutali.

Bedi la achemwali linali zii. Mpando wa achemwali unali zii. Katsabola anasungulumwa kwambiri.

Loweruka masana anayatsa kompyuta yakale ya amayi. Analowa m'masewera omanga ndi tinjerwa. M'menemo munali tinyumba tiwiri. Kena kanali kake. Kena kanali ka achemwali, patsidya pa dambo.

Nthawi zina achemwali ankalowamo pafoni ya mnzawo. Koma iwo akalowa, Katsabola ali kusukulu. Katsabola akalowa, iwo atuluka kale. Ankangosemphana.

"Ndiwayatsira nyale," anatero Katsabola. "Waya wake achokere pakhomo panga. Akaona adziwa kuti ndawasowa."

Anaika nyale padenga la achemwali. Anaika switchi pakhomo pake. Waya wa m'masewerawa si wachitsulo ayi. Ndi fumbi lofiira. Umalithira pansi, njerwa ndi njerwa.

Katsabola anathira fumbi. Anathira, anathira, mpaka patsidya. Kenako anadina switchi.

Nyale sinayake.

Anadinanso. Nyale sinayake.

Katsabola anayamba kutsata fumbi lija. Pafupi ndi switchi linali lowala psuu! Patsogolo linayamba kuzilala. Anawerenga njerwa. Imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka khumi ndi zisanu. Pamenepo fumbi linali litada. Mphamvu inathera pomwepo.

"Achemwali akanadziwa chochita," anatero. Misozi inalengeza m'maso.

Chitseko chinatseguka. Amayi anabwera kuchokera kuntchito yawo yosoka. Tepi yoyezera inali ikadali m'khosi.

"Iwe Katsabola, wakwinya nkhope bwanji ngati wadya ndimu?"

"Amayi, mphamvu ikuthera panjira. Sikufika kwa achemwali."

Amayi anakhala pampando wa achemwali. Anayang'ana fumbi. Anayang'ana nyale.

"Mwanangu, ine zamasewerazi sindizidziwa. Koma nanenso ndikasenza nsalu zambiri, ndimatopa panjira. Pamafunika wondilandira."

Wolandira! Katsabola anakumbuka kamwala kena ka m'masewerawo. Kanali ndi timiuni tiwiri pamwamba. Kamwalako kamalandira mphamvu yotopa. Kamaitumiza patsogolo ili yatsopano.

Anakaika pamene fumbi linayamba kuzilala. Anadina switchi.

Nyale sinayake.

"Aaa, basi! Ndasiya!" anatero Katsabola.

"Dikira kaye," anatero amayi. Anayandikitsa maso. Paja telala sasowa poona cholakwika. "Kanthuka kali ndi kumaso ndi kumbuyo ngati malaya. Taona kamuvi ako. Kakuloza kwa ndani?"

Katsabola anayang'ana. Kamuvi kankaloza kwa iye mwini. Mphamvu ikanadutsa bwanji?

Anakachotsa. Anakatembenuza. Tsopano kamuvi kanaloza kwa achemwali. Anawerenganso njerwa, n'kuika kamwala kena patsogolo.

Anadina switchi.

Fumbi linawala. Linawala, linawala, mpaka patsidya. Nyale inayaka ngwee!

Katsabola anawomba m'manja. Kenako anadikira. Anadikira, anadikira. Achemwali sanabwere. Anasiya nyale ikuyaka.

Lamulungu masana analowanso. Nyale inali ikuyakabe. Dambo linali lopanda munthu. Mtima wa Katsabola unawawa.

Kenako anaona kanthu kakuyenda. Kanali kamunthu ka chipewa chachikasu. Kankayenda m'mbali mwa fumbi lofiira. Kanadutsa kamwala koyamba. Kanadutsa kamwala kachiwiri. Kanaima pakhomo pa Katsabola.

Mawu anatuluka pakompyuta: "Odi kuno! Ndani wandiyatsira nyale?"

"Amayi! Amayi! Achemwali abwera!"

Amayi anathamanga, singano ili m'manja.

"Auze alowe! Uwafunsenso ngati akudya bwino."

Katsabola analemba pang'onopang'ono: "Ndine, achemwali. Ndakusowani."

"Nanenso ndakusowa, Katsabola wanga. Lamulungu lililonse masana uzindidikira pompano."

Kamunthu ka chipewa kanalumpha. Kamunthu ka Katsabola kanalumphanso.

"Nanga ine?" anafunsa amayi. "Ndidine pati kuti ndilumphe nawo?"

Katsabola anagwira chala cha amayi n'kuchiika pabatani.