Salome ndi Chitini cha Timiyala

Salome ankakhala ku Bwanje, pafupi ndi minda ya mpunga. Anali mu Sitandade 3. Salome ankalakalaka kupita pa ulendo wa sukulu. Anali asanapitepo ndi kamodzi komwe.

Tsiku lina aphunzitsi ake, a Kaliati, anati, "Ana inu, Loweruka tipita kudambo lalikulu. Kumeneko kuli mbalame zambirimbiri. Aliyense alongedze chikwama chake."

Salome anathamangira kunyumba. Anatenga chikwama chake cha sukulu. Anaikamo chipewa. Anaikamo botolo la madzi. Anaikamo mbatata ziwiri zootcha. Anaikamo kope ndi pensulo.

"Walongedza zonse, mwanawe?" amayi ake anafunsa ali panja.

"Chatsala chimodzi, amayi," Salome anayankha.

Chotsalacho chinali chitini chake. M'chitinimo munali timiyala. Mpunga ukamacha, mbalame zimabwera kudzadya. Ntchito ya Salome inali yozithamangitsa. Ankagwedeza chitinicho. Gobede, gobede! Mbalame zinkathawa.

"Kumene kuli mbalame, munthu sapita chimanjamanja," Salome anatero mumtima. Anaika chitini pansi penipeni pa chikwama. Salome ameneyu! Sanafunse ndi munthu yemwe.

Loweruka m'mawa minibasi inabwera kuchokera ku Golomoti. Ana onse anakwera. Salome anakhala pafupi ndi mnzake Jamali.

Ali m'njira, aphunzitsi anakweza dzanja. "Mvetserani bwino," anatero. "Lero sitikukathamangitsa mbalame. Tikukaziona. Kumeneko phokoso ayi."

Salome anadzidzimuka. Phokoso ayi? Nanga chitini chija? Salome anachita manyazi. Anafuna kuwauza aphunzitsi. Koma ana onse akanamuseka. Anangokumbatira chikwama chake.

"Bwanji wakumbatira chikwama ngati khanda?" Jamali anafunsa.

"Palibe," Salome anatero, akuyang'ana pawindo.

Minibasi inawatsitsa pamsewu n'kubwerera. Panalibe posiya chikwama. Salome anachibereka kumsana.

Ana anayenda pamzere. Anadutsa mu udzu wautali. Anadutsa m'bango. Onse anali chete. Koma chikwama cha Salome sichinali chete.

Tseche, tseche.

Salome anayenda pang'onopang'ono.

Tseche, tseche.

Jamali anacheuka. Salome anayang'ana kumwamba, ngati sanamve kanthu. Manyazi anali atamugwira.

Kenaka aphunzitsi anaima. Analoza ndi chala. Eee! Dambo lonse linali mbalame zokhazokha. Panali akakowa oyera mbee. Panali atsekwe. Panali abakha ndi tiana tawo. Ana anatsegula makope awo kuti ajambule.

Salome anali kumbuyo. Sankaona bwino. Anasendera pang'ono. Anasenderanso. Phazi lake linaterereka m'matope. Salome anagwa chagada. Chikwama chinatseguka. Chitini chinatuluka n'kuyamba kugubuduka.

Gobede, gobede, gobede!

Akakowa anauluka. Atsekwe anauluka. Abakha anathawira m'bango. Dambo lonse linangoti zii. Panatsala madzi okha.

Ana onse anatembenuka. Onse anayang'ana chitini. Kenaka onse anayang'ana Salome.

"Chitini cha kumpunga!" Jamali anafuula. "Iwe Salome, wabwera nacho kuno?"

"Ine ndangojambula mwendo umodzi wokha," mwana wina anadandaula.

"Ndiye tabwera kudzaona matope?" winanso anatero.

Salome anazyolika. Diresi lake linali matope okhaokha. Misozi inalengeza m'maso mwake. Manyazi ake anali aakulu kuposa dambo lija.

"Pepani, aphunzitsi," anatero chapansipansi. "Ndimayesa tikudzazithamangitsa. Nditamva kuti phokoso ayi, ndinaopa kunena."

A Kaliati anamudzutsa. Sanamukalipire. Koma nkhope yawo inagwa. Iwo anakulira m'tauni, ndipo ulendowu anaukonzekera kwa nthawi yaitali.

"Basi, ana inu," anatero. "Mbalame zapita. Tiyeni tibwerere kumsewu."

Ana anayamba kutseka makope. Ulendo wonse unali utathera pomwepo. Ulendo woyamba wa Salome! Ndipo wouwononga anali iye yemwe.

Salome anafuna kulankhula. Analimba mtima.

"Aphunzitsi, zibweranso."

"Wati chiyani, Salome?"

"Zibweranso, aphunzitsi."

"Wadziwa bwanji?"

"Kumunda zimatero tsiku lililonse," Salome anatero. "Ndikazithamangitsa, zimapita. Ndikangokhala pansi kuti ndidye, zabweranso. Mbalame sizimva, aphunzitsi."

Jamali anaseka. "Zimenezo ndiye zoona," anatero.

A Kaliati anaganiza pang'ono. "Chabwino," anatero. "Tiyeni tiyese. Tichite bwanji, Salome?"

"Tikhale pansi mu udzu. Tisagwedezeke."

Salome anatola chitini chake mosamala. Anachotsamo timiyala, kamodzikamodzi. Anatiika m'matope. Ana onse anakhala pansi. Aphunzitsi nawonso anakhala pansi.

Anadikira. Sikunabwere kanthu.

Anadikirabe. Sikunabwere kanthu.

Dzuwa linawawotcha. Nyerere inamuluma Jamali, koma sanagwedezeke. Salome sanayang'ane munthu. Nanga mbalame za kuno zikakhala zakumva? Manyazi anayambanso kumugwira.

Kenaka Jamali anamukodola. "Taona," ananong'ona.

Kakowa mmodzi anatera m'madzi. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenaka anatera wachiwiri. Kenaka wachitatu. Atsekwe anabwera. Abakha anatuluka m'bango ndi tiana tawo. Ana anali atabisala bwino mu udzu. Mbalame zinafika pafupi kwambiri, kuposa poyamba paja.

Mapensulo anayamba kuyenda m'makope. A Kaliati anamuyang'ana Salome. Anamwetulira, nagwedeza mutu. Salome anapuma mpweya wautali. Nayenso anatsegula kope lake.

Masana minibasi inabwera kudzawatenga. Salome anafika kunyumba matope ataumira pa diresi. Amayi ake anali pakhonde, akupeta mpunga.

"Mayo ine, diresi limeneli!" amayi anatero. "Munapita kukaona mbalame kapena kukaumba njerwa?"

Salome anawafotokozera zonse. Sanabise kanthu. Amayi anaseka mpaka anaika lichero pansi. Kenaka anamukokera pafupi, ndi matope ake omwewo.

"Nanga mbalamezo munaziona, mwanawe?"

"Tinaziona kawiri, amayi," Salome anatero. "Pothawa ndi pobwera."