Simu Yotchipa ya Tamanda

Bwato linali litakodwa pamkuyu wogwa pakati pa mtsinje wa Namitete. Brenda anali m'madzi olekeza m'chiuno, dzanja limodzi litagwira chingwe cha bwatolo, lina likudina foni. Madzi anali ofiira, ochokera kumtunda komwe kunagwa mvula m'mawa, ndipo ankangokwera.

Silinali bwato wamba ayi. Linali lapulasitiki, lachikasu, lokwera munthu mmodzi, lopalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri. Amalume ake, a Nasoni, analipeza litabooka pamalo ogona alendo pomwe ankagwira ntchito, nalimata okha mpaka linayandamanso. Ankalikonda ngati mwana. M'mudzi monse anangophunzitsa Brenda yekha kupalasa, ndipo lamulo lawo linali limodzi: foni ikhale m'pepala la shuga kuti isanyowe, yokoleka m'khosi, zikavuta ayimbe msanga, iwo athamange ndi chingwe chachitali.

Anayimba. Zii. Anaikweza m'mwamba, nayimbanso. Ngakhale kamzere kamodzi ka netiweki, ayi ndithu.

Simu imeneyo anamugulitsa ndi Tamanda, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, wokhala naye desiki imodzi mu Fomu 3. Tamanda ankathandiza mchimwene wake kulembetsa anthu ku kampani ina yamafoni tsiku lamsika.

"Iwe, ukudzizunziranji ndi simu yodulayo?" anatero tsiku limenelo. "Iyi ndi yotchipa, bandulo yake imatha sabata."

"Nanga kumtsinje imagwira? Lamulo la amalume ukulidziwa."

"Paliponse, ngakhale pansi pa madzi! Ine ndingakunamize iwe, eti?"

Foni ya Brenda inali yolowa simu imodzi, choncho yakale ija anaichotsa, naisiya kunyumba.

Tsopano chingwe chinkamucheka m'manja. Anakuwa, koma m'madimba munalibe munthu. Anapirira mpaka zala zinachita dzanzi. Kenako chigumukire cha madzi chinabwera ndi zinyalala, chingwe chija pululu! Bwato linagadabuka, likugundagunda miyala, mpaka linazimirira pokhota.

Brenda anatulukira m'bango akunjenjemera, nayenda chotsimphina kulowera kumlatho, komwe anapangana kuti Tamanda amudikire ndi kumujambula akufika. Anamupezadi, atakhala pamwala m'mphepete mwenimweni mwa madzi, atavala tisheti yatsopano ya kampani ija, akuseka pafoni.

"Mayo ine, Brenda! Bwato lili kuti?"

 Maso a Brenda anali pafoni ya Tamanda.

"Kodi yako ikugwira bwanji kuno?"

Tamanda anabisa foni kumbuyo. "Yanga ndi yolowa ziwiri. Kuno ndimayimbira yakale ija."

"Ndiye kuti unkadziwa."

"Ndimati mwina akonza. Mchimwene anati ndikapeza munthu wina mmodzi andipatsa tishetiyi. Sindinaganize kuti…"

"Ndinakufunsa za kumtsinje, Tamanda. Ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa."

Mtima unamuwawa koposa mabala a m'manja. Akanamunamiza mlendo wapamsika, bwenzi atangoti ndi malonda. Koma uyu, amene ankagawana naye chinangwa pa buleki!

Tamanda ndi amene anaimbira a Nasoni. Posakhalitsa amalumewo anatulukira panjinga, chingwe chachitali chili paphewa, thukuta kamukamu. Anayang'ana zikhato za Brenda zosupuka, nazimanga ndi mpango wawo.

"Bola moyo, mwana wanga," anatero. Kenako anafunsa motsitsa, "Koma bwanji sunayimbe?"

Tamanda anayang'ana pansi, akudikira kuti dzina lake litchulidwe. Brenda anangoti, "Sinagwire, amalume."

A Nasoni anaima pamlatho nthawi yaitali, akuyang'ana kumunsi, chingwe chija chikadali paphewa. Brenda sanathe kuwayang'ana kumaso.

Anamasula pepala la shuga, natsegula foni, natulutsa kasimu kaja. Anakaika m'dzanja la Tamanda, namupinda zala yekha.

"Brenda, pepa. Mawa ndikakudzera popita kusukulu, eti?"

"Yakukhala tishetiyo," anatero Brenda, nakwera pakaliyala ya njinga ya amalume ake osacheuka.

Mawa lake, Lolemba, Tamanda anafika m'kalasi molawirira, nasunga malo pafupi ndi windo monga mwa masiku onse. Brenda analowa, manja ali m'mabandeji, nadutsa, nakakhala kumbuyo.