Mbewu ya Mowa wa a Adelina

Kamphika kanali zii. Generosa anavundukula lichero m'mawa uja akuyembekeza kupeza thovu litafika m'khosi, monga zimakhalira mbewu ya mowa ikadzutsidwa, koma anapeza phala lili phee, pamwamba patayandama timadzi totuwa. Anaviika chala n'kulawa. Silinali lowawasa, silinali lotsekemera. Linkamveka phulusa.

Mbewuyo inali ya malemu mayi ake, a Adelina, amene mowa wawo unkatchulidwa kuyambira ku Mualadzi mpaka kumalire. Sinali mbewu yodzala m'munda ayi. Zinali nsenga zamadzimadzi zotsala pansi pa mbiya mowa ukapsa, ndipo ankazisunga m'chipanda cha khosi lalitali chotseka ndi chitsononkho, chokwiriridwa mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko cha kanyumba kophikira. Pakapita masiku angapo ankakhuthula madzi owawasa a pamwamba n'kuidyetsa phala lozizira la chimera. Wofuna kufulula ankapungulako pang'ono m'kamphika ka phala lofunda, ndipo kakawira m'pamene ankathira m'mbiya zazikulu. A Adelina anailandira kwa mayi awo, ndipo ankakonda kunena kuti ukaika khutu pachipandacho umamva akuluakulu akunong'onezana. Generosa ali mtsikana ankangoseka.

Tsopano kuseka kunali kutatha. Chaka chinali chitazungulira chimwalirireni a Adelina, ndipo atsibweni a Sebastião, eni mbumba, anali atalamula kuti bona lichitike mvula isanagwe, asipayo, apolisi a boma la atsamunda, asanabwere kudzasankha amuna opita ku ntchito yokakamiza ya chibalo. Mowa wa bona unayenera kuchokera m'chipanda cha malemuyo. Kubwereka mbewu kwa anansi kukanakhala kumwetsa mzimu mowa wachilendo, ndipo mzimu wosazindikira mowa wake sugona. Choipa chinali chakuti kamphika kakafa, mbewu ya m'chipanda inkachepa.

Bambo ake a Generosa, a Joaquim, anali pansi pa mtengo wa mango akuluka mphasa. Anali mkamwini wa ku Nsadzo, nkhalamba yofatsa yosadziwa kukweza mawu, ndipo chimwalirireni akazi awo ankagona okha m'nyumba yakale ija. Atamva za kamphika anangoti ayesenso, koma asafulumire, mowa sukonda phuma. Sanadzutse mutu pamphasapo.

Generosa anatsuka kamphika, anaphika phala lina, analidikira mpaka litafunda ngati mkaka wa m'mawere, anapungula mbewu n'kuvundikira. Madzulo thovu linali litayamba kutuluka m'mbali, ndipo anapita kukagona mtima uli m'malo.

Usiku umenewo kunalibe mwezi. Mdima unali wa mtundu uja wakuti ukatambasula dzanja umakayika ngati lilipo, ndipo kutentha kwa chilimwe kunatontholetsa ngakhale agalu. Generosa anadzidzimuka osadziwa chamudzutsa. Anamva mwamuna wake Luís akupuma pambali pake, khoswe akuyenda m'denga, kenaka chitseko cha bango cha kanyumba kophikira chikukhwekhwerezeka pang'onopang'ono, ngati wotsegulayo akudziwa bwino pamene chimalira. Panadutsa kanthawi. Ndiye kunamveka kunong'ona, kotsika, kosamveka mawu ake, koma kokhala ndi kupuma pakati, monga amachitira munthu akamadikira kuti mnzake ayankhe. Generosa anafuna kugwedeza Luís, koma dzanja linakana. Anachita mantha kwambiri, ndipo anagona chomwecho, maso ali tong'o, mpaka tambala.

M'mawa kamphika kanali katafanso, phulusa lomwe lija.

Nkhani ya mowa siibisika. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utaidziwa, ndipo aliyense anali dokotala wa mbiya. Ena ankati wina wotentha wakhudza mphika, poti aliyense amadziwa kuti pofulula mowa wa mizimu anthu a pakhomo amagona chofulatirana. Ena ankaloza ndi milomo kwa Luís, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Rhodesia ndi chipewa komanso maso oyendayenda. Mayi wina analumbira kuti potuluka kukataya madzi anaona a Adelina enieni akudutsa kuseri kwa nkhokwe atafunda nsalu yawo yakuda ya madontho oyera. Generosa anathamanga kukatsegula dengu la mayi ake. Nsaluyo munalibe.

Mantha akasowa pogwira amagwira wapafupi. Madzulo ake Generosa anafunsa mwamuna wake funso limene mkazi safunsa kawiri, loti ngati anagona ndi mkazi wina, ndipo analifunsa mokweza, azilamu ake akumva. Luís anangolowa m'nyumba. Anapinda mphasa yake n'kupita kukagona kukhumbi la kudimba.

Usiku wotsatira Generosa sanadzutse mbewu, komabe chitseko chinakhwekhwerezeka, ndipo kunong'ona kunabwera monga kale. Ulendo uno kunatenga nthawi yaitali, ndipo chakumapeto kunasanduka kamvekedwe kena, kopyapyala, ngati munthu akulira atatseka pakamwa. M'mawa anapeza mchenga wozungulira chipanda utathiridwa madzi, chitsononkho chitatsekedwa bwino kuposa mmene iye anachisiyira. Amene ankapha kamphika ndi yemweyo ankasamala chipanda. Zimenezi zinamuopsa koposa zonse.

Atsibweni anabwera ndi ndodo yawo kudzanena kuti uthenga wa bona wapita kale kwa abale, ndipo ngati mbewu ya mlongo wawo yakana, abwereka kwina. Generosa anapendeka chipanda n'kusuzumira. Zotsalazo zinali zongokwanira kamphika kamodzi ndi kachidontho kosiyira mbewu.

Anadzutsa kamphika komaliza, ndipo kutada analowa m'kanyumbako n'kukhala kuseri kwa mbiya zazikulu, munsi uli m'manja. Kamphika kankawira mokoma, thovu likuphulika pang'onopang'ono mumdima, ndipo fungo lake linali la manja a mayi ake. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Chitseko chinakhwekhwerezeka. Pakhomo, pamene nyenyezi zinkaonekera, panaima chinthu chachifupi chowerama, chofunda nsalu ya madontho oyera. Chinthucho chinagwada pachipanda, chinachisisita, n'kuyamba kunong'ona.

"Ndabweranso, amayi. Lero ndamaliza mphasa ija. Mwana wanu wayambana ndi mwamuna wake chifukwa cha ine. Mundikhululukire, koma ndichitenso kamodzi kokha."

Kenaka dzanja linatuluka m'nsalumo litafumbata kanthu, likulunjika pakamphika. Generosa analigwira. Linali dzanja louma, lodzaza phulusa la pamoto.

"Atate," anatero. "Ndinu?"

A Joaquim sanayese kuthawa kapena kunama. Anakhala pansi pomwepo n'kunena motsitsa kuti mowa ukawira bona lichitika, bona likachitika atsibweni awasudzula, ndipo mkamwini wosudzulidwa amabwerera kwawo. Anati anachoka ku Nsadzo tsitsi lili bii, ndipo onse amene ankawadziwa kumeneko ali kumanda.

"Ndikapita kumeneko ndikalankhula ndi yani, mwana wanga? Kuno ndimabwera n'kuika khutu apa, ndimawamva mayi ako."

Apa m'pamene Generosa akanatha kukhala chete, kapena kulira nawo. Koma anakumbukira mantha a mausiku onse aja, anakumbukira nkhope ya Luís popinda mphasa, ndipo mkwiyo unafika pakamwa chisoni chisanafike. Anawauza kuti mwambo sanauyambe ndi iye, ndipo mayi ake sangayendeyende m'tchire chifukwa cha nkhalamba yoopa ulendo. Anawavula nsalu ija n'kuwatulutsa panja.

Kamphika kanawira mpaka kusefukira. Mowa unapsa bwino kwambiri, moti okalamba ankati a Adelina afulula okha. Bona linachitika, ng'oma zinalira, ndipo m'mawa mwake mbumba inakhala pansi kumasula a Joaquim. Si kuti panalibe njira. Midzi yambiri mkamwini wokalamba amatsala ngati ana ake amupempherera, ndipo atsibweni anayang'ana Generosa nthawi yaitali asanatseke nkhani, ngati akumupatsa mpata. Generosa anayang'ana pansi. Ankaganiza kuti apite kaye akamve kuwawa, adzawaitanitsa mvula ikatha.

Ponyamuka a Joaquim anaima pakhomo la kanyumba kophikira ndi kansupa kakang'ono m'manja.

"Undipungulireko pang'ono, mayi. Sindikafulula ayi. Ndizikangomvera."

Generosa anayankha kuti mbewu ndi ya mbumba, siipita kumudzi kwa eni. A Joaquim anagwedeza mutu ngati amene wamva zoona, anaika kansupako m'thumba, n'kutsata njira ya ku Nsadzo, mphasa yatsopano ili paphewa.

Mvula isanathe kunabwera munthu wa panjinga kudzanena kuti nkhalamba ija inamwalira. Sinadwale kwenikweni. Inangosiya kulankhula, kenaka kudya, ndipo anaiika adzukulu a anthu ena amene ankafunsana dzina lake. Generosa analira mpaka mawu anatha, koma misozi sibweza munthu. Luís anali atabwerera m'nyumba, ngakhale kuseka kwake kunatsalira kudimba. Chipanda chija Generosa sanafunenso kuchiona. Anasiya kuchidyetsa, mchenga unauma, ndipo atachitsegula tsiku lina anapeza pansi pake pali chikhungu chouma chong'ambikang'ambika, chopanda fungo.

Koma chilimwe chitabwera, usiku wina wopanda mwezi, anadzidzimukanso. Chitseko sichinakhwekhwerezeke. Chimene anamva chinali kuwira, thovu likuphulika pang'onopang'ono m'kanyumba mmene munalibe phala kapena moto. Anatuluka yekha, anagwada pamchenga woumawo n'kuika khutu pachipanda. Munali kunong'ona, ndipo kupuma kuja kwa pakati kunalibenso, poti wina akamaliza mnzake ankayankha.

Kuyambira pamenepo Generosa ankapitako usiku uliwonse umene wamva kuwirako. Mantha anali atatha, chinatsala ndi chisoni chokha. Ankagwada mpaka maondo kupweteka, nthawi zina ankati "Atate" motsitsa, ndipo awiriwo, bambo ndi mayi ake, ankapitiriza nkhani zawo mosadukiza ngati anthu amene akhala nthawi yaitali osaonana. Iye ankamvetsera chinthu chimodzi chokha. Anakalamba akumvetsera, koma dzina lake sanalimvemo.